Tsiku Limene Isom Anamasulira Malonda a Mwana Wake

Isom anali m'munda wa thonje pamene anamuitana kuti afike msanga kunyumba yaikulu. Pa akapolo onse a pafamupo, m'mbali mwa mtsinje wa Washita, iye yekha ndiye ankayankhula Chichikaso ndi Chingerezi chomwe. Mayi Shimahoye, eni famuyo, a mtundu wa Achikaso, sankamva Chingerezi, moti sankachita malonda ndi mzungu popanda iye.

Pakhonde anapeza mzungu wa ku Texas, dzina lake Pruitt. Chapatali pamtondo panali Viney, mwana yekhayo amene Isom anatsala naye, akukonola chimanga chophikira pashofa, chakudya cha Achikaso. Ana ake awiri aakulu anagulitsidwa ku Mississippi pa nthawi imene Achikaso ankasamutsidwa kumeneko.

Pruitt sanazungulire. Anati akufuna mtsikana wapamtondoyo kuti akathandize mkazi wake kutsidya kwa mtsinje wa Red River, kunja kwa dziko la Achikaso, ndipo apereka mahatchi awiri abwino.

"Tawauza, iwe," anatero Pruitt kwa Isom.

Amene anawolokera tsidya limenelo panalibe amene anamvekanso. Isom anatembenukira kwa mayiwo, maso ali pansi.

"Akuti akufuna Viney, mayi. Apereka hatchi imodzi, yokalamba ija ayimangirira kumbuyo kwa ngolo."

Mayi Shimahoye anatsonya. Anati amuuze mzunguyo kuti asawaseweretse, mtsikana wamphamvu ngati ameneyo ndi wa mahatchi atatu.

"Akuti safuna kukunamizani, bwana," anatero Isom m'Chingerezi. "Mwanayu amagwa khunyu."

Pruitt anadzuka n'kupita pamtondo. Anamugwira Viney chibwano, kumuyasamulitsa, kumuona mano ndi maso, kenako anamufunsa ngati amagwadi. Viney anabadwira pafamupo ndipo ankadziwa Chichikaso chokha. Anangoyang'ana bambo ake.

Mzunguyo anabwerera pakhonde pang'onopang'ono. Ulendo uno sanayang'ane Isom. Anaima pamaso pa mayiwo, n'kukweza zala ziwiri, n'kuloza mahatchi amene anali pangolo.

"Zala ziwirizo n'zachiyani, Isom?"

Isom ankadziwa mtengo wakuseri kwa nkhokwe umene ankamangirirapo anthu, ndipo ankadziwanso kuti bodza lotere chilango chake sichikanathera pachikwapu.

"Akuti akukupatsani masiku awiri oti muganize, mayi. Mukachedwa akagula kwina."

Mayi Shimahoye anapsontha kaliwo wawo. Anayang'ana zalazo, mahatchiwo, kenako Isom. Potsiriza anati amuuze mlendoyo kuti iwo sagulitsa munthu thonje lili m'munda. Mawu amenewa Isom anawamasulira ndendende. Pruitt analavula malovu pansi, natukwana, n'kukwera ngolo yake.

Fumbi litatha, Isom anafuna kubwerera kumunda, koma mayiwo anamuimitsa.

"Chingerezi sindimva, koma zala ndimawerenga. Ndakusiya chifukwa mzunguyo sindinamukonde, osati chifukwa wandipusitsa. Mwana wanga Lemuel abwera kuchokera kusukulu ya mishoni chisanu chikayamba. Akafika, azindimasulirira ndi iyeyo."

"Ndamva, mayi."

Popita kumunda anadzera pamtondo. Viney anamufunsa monong'ona zimene mzunguyo ankafuna, ndipo iye anayankha kuti ankafunsa njira. Mtsikanayo anamuyang'anitsitsa, n'kuyambanso kukonola.

Lemuel anabweradi chisanu chitayamba, ndipo Isom sanaitanidwenso pakhonde. Ngolo ya mlendo ikaima panyumba yaikulu, iye ankaweramuka m'munda n'kumasuzumira kuti aone amene aitanidwe.

Chaka chotsatira mwana wamkazi wa Mayi Shimahoye anakwatiwa ndi mwamuna wa ku Blue River, ndipo amayi ake anamupatsa Viney pamodzi ndi ng'ombe ndi ziwiya. Isom anamva nkhaniyi kwa ophika, ngolo itamangidwa kale. Unali ulendo wautali wapansi, koma unali mkati mwa dziko la Achikaso. Akamuloleza, Isom ankanyamuka Loweruka kukamuona Viney. Mbatata zimene ankamutengera ankakumba m'kadimba kake kuseri kwa kanyumba.