Manambala a Zione pa Pepala la Paston

Zione sankakhulupirira munthu womwetuliramwetulira, ndipo Paston mano ake ankakhalira pamtunda. Onse awiri ankachita digiri yachiwiri ya fizikisi mu Blantyre, pa mutu umodzi: tinthu ting'onoting'ono totchedwa makyubiti, tomwe timalukana ukatisakaniza, koma ukamatiyeza pafupipafupi kulukanako kumaduka. Ntchito yawo inali kupeza malire pomwe kulukanako kumagonjera.

Kompyuta imasakaniza makyubitiwo mwamaere, choncho anthu awiri sangapeze manambala ofanana ndendende. Koma kutatsala sabata imodzi kuti akaime pamaso pa omuyesa, Zione adaona pepala la Paston pa desiki ya aphunzitsi awo. Manambala a Paston anali omwewo omwe iye adapeza, mpaka yomalizira. Mtima udamuwawa. Omuyesa akanena kuti wina wabera mnzake, digiri yapita, ndipo ndani angakhulupirire kuti mbava ndi mnyamata waulemu uja?

Mu minibasi ya ku Limbe adayamba kukumbukira zonse. Tsiku lija Paston adamunyamulira chikwama, ati kumuthandiza. Tsiku lija adamugulira fanta popanda chifukwa. Hoo, kani kunali kusaka!

Adakapeza Paston m'kashopu ka mchimwene wake, akukonza foni.

"A Paston, manambala anga munawatenga liti?"

"Aaa, asisi! Pulogalamutu munandipatsa nokha mu Malichi. Ndinayendetsa ndekha pa laputopu iyi."

"Bodza. Yendetsani pompano ndione."

Paston adayendetsa kachigawo kochepa. Manambala adatuluka omwe aja. Adabwereza, omwe ajanso. Zione adamulanda laputopuyo, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti muli fayilo yake yobisidwa. Adafufuza pulogalamuyo mzere ndi mzere, thukuta lili kamukamu.

Fayilo sadaipeze. Adapeza mzere umodzi womwe adalemba yekha chaka chatha poyesa pulogalamuyo, womangirira maere pa nambala imodzi. Adaiwala kuufufuta. Maulendo chikwi omwe adayendetsa pulogalamuyo, omwe ankawanyadira, anali ulendo umodzi wobwerezedwa kachikwi, ndipo malire omwe adapeza anali opanda pake. Manyazi adamugwira mpaka adasowa poyang'ana.

"Kuyambiranso ndi miyezi ingati?" adafunsa Paston.

"Isanu. Ngati magetsi sakuthimathima."

Paston adatembenuza kasikuludiraiva m'manja.

"Inetu sindinaiwerenge n'komwe pulogalamuyo, asisi. Ndinati poti walemba ndi Zione, mulibe cholakwika. Pepala langa ndinapereka kale kwa otiyesa Lachisanu."