Masamba pa Msewu wa Njinga

Tsiku limene mwamuna wake Absalom ankaikidwa m'manda ku Dedza, Nellie anali ku Leicester. Viza yake yatsopano inali isanatuluke, ndipo akanapita kumaliroko sakanabwereranso ku ntchito yake yosamalira okalamba. Bokosi linakwera ndege lokha.

M'mawa anagwada kuti apemphere, koma mawu anangothera pa "Ambuye". Anathyola nthambi za mitengo ya mpanda wa nyumba yawo ku Braunstone, n'kuyenda wapansi mpaka pa msewu wa njinga umene Absalom ankadutsa popita kuntchito. Ankaukonda msewuwu. Ankati ukatsatira zikwangwani zake za buluu za nambala 6 ukafika ku London, ndipo misewu yotere yalumikizana dziko lonseli.

"Tidzaiyenda tsiku lina, mayi a Pempho," ankatero.

Sanaiyende. Mtima wake unaima ali pa njinga, pafupi ndi chikwangwani chimodzi.

Pamenepo ndi pamene Nellie anayala nthambi zija mopingasa msewu. Kwawo ku Dedza zikakhala chonchi aliyense amadziwa kuti pali maliro: wa njinga amatsika, n'kuikankha mpaka atadutsa, chipewa chili m'manja. Iye sankafuna zambiri. Munthu mmodzi yekha amutsikire mwamuna wake.

Woyamba anadutsa pamwamba pa masambawo osayang'ana pansi. Wachiwiri anawalambalala akung'ung'udza. Enanso anadutsa. Nellie sanapse mtima, sanalirenso. Anangoima, manja m'matumba a jekete, kumamvera kuzizira kukukwera m'miyendo.

Kenaka panafika bambo wachikulire wovala chovala chachikasu chowala. Anatsika panjinga, ndipo Nellie anadzutsa mutu. Koma bamboyo anawerama n'kuyamba kutola nthambizo.

"Chonde zisiyeni," Nellie anatero m'Chingerezi.

"Mwaika ndinu, mayi? Ine ndine Aamir, ndimathandiza kusamalira msewu uno. Wina agwa nazo izi."

"Ndi za mwamuna wanga. Anafera pano. Akumuika lero kwathu."

Aamir anayang'ana nthambi zinali m'manja mwake.

"Ndiye munthu akaziona amatani?"

"Amatsika. Amadutsa akukankha."

"Basi?"

"Basi. Ndi chipewa amavula."

Bamboyo anayala nthambizo m'mbali zonse ziwiri za msewu, n'kusiya mpata pakati woti tayala lidutse bwino. Anabwerera m'mbuyo ndi njinga yake, anavula chipewa chake cholimba, n'kuyamba kukankha pang'onopang'ono. Atafika pomwe panali Nellie anafunsa dzina la malemuwo. Nellie atamuuza, bamboyo analitchula bwinobwino, ngati waliyika pamalo pake, n'kupitirira. Anakakwera ali patali ndithu.

Foni inalira. Anali mlamu wake Darlington, kumbuyo kwake kukumveka nyimbo ya amayi a mvano.

"Alamu, tamaliza kuno. Achimwene agona."

"Zikomo, alamu."

"Muli ndi ndani kumeneko? Musakhale nokha lero."

Nellie anayang'ana msewu. Chovala chachikasu chija chinali chikulowa pansi pa mlatho.

"Kwadutsa munthu," anatero. "Anatsika."

Anadula foni. Anawerama n'kukonza nthambi imodzi imene mphepo inakokera pakati, kuti wina asagwe nayo, n'kuuyamba ulendo wobwerera kunyumba.