Laputopu ya Mayi a Rahima

Sakina ankaphika jamu wa sitiroberi kunyumba kwake ku Mbedza. Lolemba lililonse ankakwera phiri la Zomba kukagula zipatsozo kwa amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu, n'kutsika nazo m'ndowa ziwiri. Mapepala omata pa mabotolo ankawakonza yekha pa kompyuta ya pabalaza: dzina la jamu, tsiku lophikira, nambala ya foni, ndi kachithunzi ka sitiroberi kamene anajambula mwana wake Rahima.

Vuto linali kompyutayo. Amuna ake, a Latif, ankakonza makompyuta pa ofesi ina m'tauni, ndipo mtima wawo wonse unali pa Linux, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta imene aliyense amaloledwa kuisintha mmene akufunira. Linux ili ndi mitundu yambirimbiri, ndipo a Latif ankafuna kulawa yonse. Mwezi sunkatha asanafufute umene ulipo n'kuika wina.

Lachisanu lina m'mawa Sakina anayatsa kompyuta n'kupeza zonse zachilendo. Mafayilo ake analipo, koma pulinta inangoti duu. Mabotolo 48 anali ndandanda patebulo, ndipo masana omwewo ankafunika ku loji ina ya paphiri. A Latif anali atanyamuka kale kupita ku Liwonde ku ntchito ya masiku atatu. Sakina anawaimbira foni.

"Bambo a Rahima, mwaitaninso kompyutayi?"

"Ndaikamo mtundu watsopano, wopepuka zedi. Muukonda."

"Pulinta sikutulutsa kanthu."

"Aaa, ndinaiwala kuiyesa. Tsegulani kawindo kakuda kolembamo malamulo kaja, ndikuuzeni zolemba."

Sakina analemba zonse zimene anamuuza, chilembo chimodzichimodzi, netiweki ikudukaduka. Patapita theka la ola a Latif anausa moyo. "Ingodikirani Lamulungu ndidzakonze ndekha."

Sakina anadula foni. Anatenga sizasi, anadula mapepala, n'kulemba ndi bolopeni maulendo 48 mpaka zala kuuma. Ku loji, a Lily, amene ankayang'anira khitchini, anatembenuza botolo limodzi kawiri konse.

"Zolemba pamanja, mayi? Alendo athu amafuna kuona tsiku bwinobwino. Lero ndilandira, koma lero lokha."

Potsika phiri pa njinga yamoto, mphepo yozizira ikumumenya kumaso m'makona aja, Sakina anatsimikiza mumtima kuti kompyuta ya pabalaza saidaliranso. Atafika kunyumba anagwada n'kusolola katoni ya pansi pa bedi. Munali laputopu yakale ya a Latif, yokhuthala ngati bolodi lodulirapo anyezi, batire lake lakufa kalekale. Ataipulaga ku magetsi inayaka.

Ankadziwa kuti anzawo a amuna ake okonda Linux amakumana Loweruka lililonse m'kachipinda kena ku Chirunga. Mawa lake anakopera mafayilo ake mu fulashi, anakulunga laputopu m'chitenje, n'kukweza pulinta pa njinga ya kabaza, iye akuyenda pambuyo atagwirira katoni kuti isagwe.

M'chipindamo munali anthu asanu ndi awiri. A Benard, mnzawo wa a Latif, ndiwo anayamba kumuona.

"Alamu! Nanga a Latif ali kuti?"

"Ali ku Liwonde. Ndabwera ndekha. Ndikufuna Linux yangayanga mu laputopu iyi."

Mawu amenewo anayatsa mkangano. A Benard anatchula mtundu wina, bambo wina wa ndevu, a Sefu, anati umenewo ndi wolemera kwa laputopu yokalamba chonchi, wina anati onsewo akunama. Anakangana ngati za mpira, mwini laputopu ataima pakhomo ndi chitenje chake. Ndiye mayi wina wogwira ntchito mu laibulale, a Tusekile, anamukokera mpando.

"Asiyeni awa, sadzamaliza. Inuyo mukufuna izikuchitirani chiyani?"

"Ndizikonza mapepala anga n'kusindikiza. Ndipo ndikaizimitsa lero, mawa ndiipeze mmene ndaisiyira."

"Basitu, Debian. Siithamangira zatsopano. Ine ndili nayo chaka chachinayi tsopano."

A Benard anatambasula dzanja kuti atenge laputopu, koma Sakina anaikapo chikhatho.

"Ayi alamu, musandichitire. Mukandichitira, ikadzavuta ndidzakhalanso wodikira munthu. Muzingondiuza."

Anatulutsa kope la masamu lotsala la Rahima n'kuyamba kuika Debian mu laputopu. Funso lililonse limene laputopu inafunsa, ankayamba walikopera m'kope, a Tusekile n'kumufotokozera tanthauzo lake, kenako ankasankha yekha. Zinkayenda pang'onopang'ono moti a Benard anatuluka kawiri kukawongola miyendo. Kamzere kosonyeza ntchito katafika pakati, magetsi anathima, ndipo laputopu ija, popeza batire lake linali lakufa, inazima nthawi yomweyo.

"Zonse ziyambirenso," anatero a Sefu. "Isiyeni, mayi, tikuikirani mkati mwa sabata."

"Ndidikira," anatero Sakina.

Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi. A Tusekile okha ndiwo anatsala. Anakhala panja pa khonde akudya chimanga chootcha, akuyang'ana mitambo ikutsetsereka paphiri, Sakina akuwerenganso kope lake n'kumafunsa pamene sanamvetse. A Tusekile anamuuza kuti nawonso anayamba ndi kompyuta yotayidwa, ndipo tsiku loyamba anafufuta zithunzi zonse za ukwati wa mchemwali wawo. Anaseka mpaka kutsamwa.

Magetsi anayaka cha m'ma 2 koloko. Ulendo uno Sakina anatsatira kope lake, ndipo anafunsa kawiri kokha. Pasiwedi anasankha yekha ataphimba kiyibodi ndi dzanja. Laputopu itayambiranso, anaika fulashi, anatsegula pepala lake la jamu, n'kulumikiza pulinta. Sinachite kanthu. A Tusekile anangoti pakusowa kapulogalamu kamodzi kolankhulitsa pulinta, n'kutchula dzina lake. Sakina anatsegula kawindo kakuda kaja, analakwitsa chilembo, anafufuta, analembanso. Pulinta inatsokomola, inameza pepala, n'kulitulutsa lili ndi tisitiroberi khumi ndi tiwiri tofiira bwino.

Sakina analigwira pepalalo m'manja nthawi yaitali likadali lofunda.

Lamulungu masana a Latif atafika anapeza laputopu yawo yakale ili pa katebulo kuchipinda, itafunditsidwa kansalu koluka. Anaitsegula.

"Mayi a Rahima, iyi mwaitani? Ikufuna pasiwedi."

"Ndaikamo Debian."

"Wakuikirani ndani? A Benard?"

"Ndaika ndekha. Kawiri."

A Latif anakhala pa bedi, akuyang'ana mkazi wawo ngati akumuona koyamba. Kenako chizolowezi chinawagwira. "Ndi yabwino ndithu, koma pali ina imene ingathamange kuposa pamenepa. Mutandipatsa mphindi makumi awiri zokha..."

"Ya pabalaza ndi yanu, muziisintha ngakhale tsiku lililonse. Iyi ndi ya jamu. Ikadzandivuta ndidzakufunsani, koma chala chokhudza apa ndi changa."

A Latif anadandaula madzulo onse, makamaka poti nkhaniyi anayamba kuimva a Benard iwo asanaimve. Koma Loweruka lotsatira anapita limodzi ku Chirunga, aliyense atanyamula kompyuta yake. Kumeneko anapeza mayi wina wogulitsa uchi ku Chinamwali, a Warda, atabwera ndi laputopu ya malemu mchimwene wawo, ndipo abambo aja anali atayamba kale kukangana za mtundu womuikira. A Tusekile anakodola Sakina. Sakina anakoka mpando, anakhala pafupi ndi a Warda, n'kuwafunsa kuti akufuna laputopuyo iziwachitira chiyani.