Utuchi Wonyowa

Mbaula inalira katatu, pii, pii, pii, kenako zii. Marlene anaimirira pakhitchini atagwira pakamwa. Mzinda wonse wa Coyhaique unali utayera mbuu ndi chisanu m'mawa umenewo, madzi atauma m'mipopi, ndipo kuchipinda Yasna, mwana wake wa miyezi isanu, ankapuma chifuwa chikuchita kuimba mluzu. Dzulo lake pomutulutsa m'chipatala, namwino anachita kunenetsa: nyumba ikhale yofunda, utsi asaununkhe ngakhale pang'ono, apo ayi tizifuwa totere sitikhululuka kawiri.

Mbaulayo inali ya boma, ija anabweretsa atanyamula yakale ya nkhuni. Iyi siidya nkhuni ayi, imadya peleti, timibulu ta utuchi, n'kuyaka yokha ndi magetsi. Amene anasaina pepala lake ndi Marlene, ndipo mwamuna wake Ruperto sanamukhululukire mpaka lero. Munthu wodula nkhuni chibadwire, bambo ake nkhuni, agogo ake nkhuni, ndiye m'nyumba mwake mulowe chimbaula chamabatani? Ankachilambalala ngati galu wa eni.

Marlene anatsegula chivundikiro napisa dzanja m'mene amathiramo peleti. Mayo ine! Timibulu tonse tinali titafufuma, tikunyenyeka ngati gaga wonyowa.

"Ruperto, matumba aja munakawaika kuti?"

"M'chisakasa cha nkhuni," anayankha mwamunayo, uku akuyamwa tiyi wake wowawa ndi kapaipi pampando. "Umafuna ndiwagoneke pabedi, ndiwafunditse bulangeti?"

"Chisakasa chopanda khoma chija? Ndi mvula yonse ija? Inu, peleti si nkhuni. Ikanyowa yatha basi."

"Tamumvani mphunzitsi. Zaka makumi atatu ndikuumitsa nkhuni pamphepo, lero undiuze za moto iweyo? Choka apo."

Anamukankha ndi chigongono, nadina batani ndi chala chake chonga chisonga. Chitsulo chopota chimene chimakankhira peleti kumoto chinabuula, chinakutula zibuluma zonyowa m'kambale koyakira, koma lawi ng'oo. Kuseri kwa galasi la kachitseko ka mbaulayo kunangodzadza utsi woyera. Pii, pii, pii. Anadinanso. Anadinanso kachitatu, kambale mpaka kusefukira, kenako anachipatsa chibakera chapambali, chitsulo n'kulira phwaa. Kuchipinda mwana anadzidzimuka.

Marlene mtima unali m'malere. Bambo amene anadzalumikiza mbaulayo anamuuza kawiri, chala chili m'mwamba: ikakana kuyaka, zimitsani, tayani zonse za m'kambale, ndiye muyambirenso. Mukaunjikira, utsi umenewo ndi bomba.

"Chonde, zimitsani," anatero. "Ndikhuthule zonyowazi, ndithamangire kwa aneba athu a Doña Clorinda andibwereke thumba louma. Mwana ndimusiye konko afunde."

Apo ndiye anaponda mchira wa njoka. Ruperto anatembenuka pang'onopang'ono, maso ali psuu.

"Mkazi wa Ruperto Oyarzo akapemphe moto kwa aneba? Mawa mzinda wonse uzindiseka, eti wodula nkhuni mwana wake amakaothera kwa eni?"

Mbama inamupeza Marlene pakhutu. Anagwera patebulo, makapu n'kumwazika, mano n'kudula mlomo. Asanadzuke inabwera ina, yakumbuyo kwa dzanja. Mwamunayo anapita pachitseko, nakhoma, kiyi naponya m'thumba la buluku.

"Palibe akutuluka muno. Uona m'mene mwamuna amayatsira moto."

Anatulukira kumbuyo kwa kabati ndi botolo la palafini, lija ankayatsira nkhuni zaziwisi pachimbaula chakale. Atatsegula kachitseko kagalasi, utsi unakhuthukira m'nyumba, wowawa, wotsamwitsa. Yasna anayamba kutsokomola, kutsokomola kosapumira kuja, kwa mwana amene alibe ngakhale mphamvu yolirira. Mantha onse amene Marlene anamuopa munthuyu zaka zisanu ndi zitatu anasanduka chidani mphindi yomweyo, chidani chenicheni.

"Musathire!" anakuwa, magazi akudontha pachibwano. "Ruperto, muphulitsa!"

"Tseka pakamwa."

Anathira khwaa, natseka kachitseko, nadina batani. Kenako anagwada, nkhope pafupi ndi galasi, kudikira lawi monga ankachitira masiku onse a moyo wake, milomo atasongola kale ngati akufuna kuuzira. Utsi kuseri kwa galasi unakhuthala, unasanduka wachikasu.

Marlene sanadikire. Anakwawira kuchipinda, natseka chitseko ndi phazi, nanyamula mwana, namukulunga m'bulangeti laubweya mutu ndi miyendo yomwe. Timilomo ta Yasna tinali titayamba kuda.

Phuuu!

Nyumba inagwedezeka. Chithunzi chaukwati chinagwa kukhoma. Kenako kunamveka kukuwa kumene Marlene anali asanakumvepo, kukuwa kwa ng'ombe yamphongo ili pampeni.

Atatuluka anapeza khitchini yadzadza utsi, timagalasi tili mbwee pansi, peleti zofuka zitamwazika mpaka pakhomo. Ruperto anali chagada, manja onse kumaso, magazi akutuluka pakati pa zala, ndevu zikununkha chiwauko.

"Marlene! Maso anga! Sindikuona, Marlene, bwera!"

Anabwera. Anagwada pambali pake, mwana ali m'dzanja limodzi. Mwamunayo atamva bondo la mkazi wake likumukhudza, anatambasula dzanja lamagazi.

"Eya, mkazi wanga, wabwera. Ndigwire, ndipukute, ndikudziwa sungandisiye."

Marlene analilambalala dzanjalo. Anapisa m'thumba la buluku, natulutsa kiyi.

"Ndikaimba foni kwa Doña Clorinda, ambulansi ibwera," anatero. "Ndikukapempha moto."

Chitseko anachisiya chapululu kuti utsi utuluke. Anadutsa msewu akuterereka pachisanu ndi masilipasi, dzina lake likumutsatira kumbuyo. Pamene ankagogoda kwa anebawo, bulangeti linagwedezeka, ndipo Yasna anakoka mpweya, n'kulira mokweza.