Madzi a Pamsewu wa Abuja

Phula linali likadafuka utsi pamene Doosuur anatulukira pamphambano, chitenje chili chonyowa mpaka m'mawondo. Anyamata a boma la chigawo anali atangomaliza kukonza msewu wochokera kumsika, ndipo phula latsopanolo linathera ndendende pamene msewuwo umalowa mu msewu waukulu wa boma lalikulu la ku Abuja, likulu la dziko. Pansi pa msewu waukuluwo panali mpaipi wodutsa madzi umene unaphwanyika chaka chatha. Chiphwanyikireni, mvula ikagwa madzi ankasowa kolowera n'kukakhazikika pabwalo la Doosuur. Khoma la chipinda cha ana linali litayamba kale kunyenyeka kunsi.

Kapitawo wa anyamatawo anali Terkimbi, mng'ono wa mwamuna wake.

"Alamu, chimakina chanu chokumbachi changoima apa," anatero Doosuur. "Tatsegulaniko mpaipiwu. Nyumba ya akulu anu ikugwa."

"Mlamu, apo si pathu. Pathu pathera pomwe mwapondapo. Uwo ndi msewu wa Abuja."

"Ndiye madzi ali m'nyumba mwangawa nawonso ndi a Abuja? Ndiwauze akwere basi azipita kwawo?"

Anyamata anaseka, koma Terkimbi sanaseke.

"Bwanamkubwa wa chigawo anatiletsa. Akuti akakonza msewu wa eni ake, a ku Abuja amangobwera kudzazikapo chikwangwani chawo. Pajatu zipani n'zosiyana. Ndikangokandapo apo, ntchito yanga yatha lero lomwe. Pitani ku ofesi yawo."

"Tinapitako, anati tidikire. Ku ofesi yanu anati tibwerere kwa iwowo. Nsapato zatha, alamu!"

Umo ndi mmene zilili kwathu kuno. Maboma tili nawo awiri, ndipo nthawi ya mavoti onse amatidziwa mayina mpaka a agogo athu. Koma madzi akalowa m'nyumba, aliyense amakumbukira pamene malire ake athera.

Iorwuese, mwamuna wa Doosuur, anali mlimi wa zilazi wosayankhulayankhula. Lamulungu m'mawa anagwira khoma lija, dothi n'kutsalira m'manja. Sanapite kutchalitchi. Anatenga piki ndi fosholo, nakumba kangalande kopyapyala kodula msewu waukuluwo, n'kuyalapo matabwa kuti magalimoto azidutsa. Pofika masana madzi onse anali atathamangira kudambo. Doosuur anasesa matope akuimba, nasinja zilazi zophika zambiri ngati kwabwera alendo. Aka kanali koyamba mwezi umenewo ana kudya atakhala pansi pouma.

Chaka chathunthu boma la ku Abuja linasowa njira yofikira pamphambano ija, koma Lachiwiri linaipeza. Kunabwera galimoto ya apolisi, amene kuno ndi a Abuja.

"Wadula msewu wa boma ndani?" anafunsa wamkulu wawo.

"Boma lake liti, bwana?" anatero Doosuur, manja ali m'chiuno. "Ife takhala tikulifunafuna."

"Mayi, pakamwa panupo pakuikani m'mavuto."

Iorwuese anangoika fosholo pansi n'kukwera yekha m'galimotomo. Apolisiwo anamuuza kuti mlandu akauzenga kukhoti la chigawo. Apolisi a uku, woweruza wa uko, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wonena kuti apa si pathu.

Fumbi la apolisi lisanathe, chimakina chija chinatulukira chikubangula, Terkimbi akuyenda patsogolo pake mutu uli pansi. Chinadutsa pothera phula latsopano, n'kukwera pamsewu wa Abuja osachita n'komwe manyazi.

Doosuur anaima pakati pa msewu.

"Alamu, si paja munati mukakandapo apa ntchito yatha?"

"Lamulo lachokera kumwamba, mlamu. Lachinayi bwanamkubwa akudutsa pano ndi nduna ya ku Abuja, kudzatsegulira msewu wathuwu. Sangadutse pamatabwa. Agwirizana kuti tikwirire."

"Agwirizana! Nanga mpaipi?"

"Za mpaipi sananene."

"Mbale wanu wa bere limodzi ali m'chitokosi, inu mukukwirira thukuta lake?"

"Inenso ndili ndi ana, mlamu. Chonde patukani."

Azimayi anzake anamukoka n'kumuchotsa panjira. Doosuur sanalire. Mtima unamuwawa mpaka misozi inakana kutuluka. Anayang'ana miyala ikukhuthulidwa m'ngalandemo, phula likuthiridwa pamwamba, anyamata akusalaza bwinobwino ngati sipanakumbidwepo. Kum'mawa mitambo inali itayamba kuda.

Analowa m'nyumba, nakulunga mphasa za ana ndi zofunda zawo, n'kukaziponya pamapazi pa Terkimbi.

"Nyamulani. Ana a akulu anu agona kwanu kuyambira lero. Akakufunsani kumene kuli bambo awo, muwayankhe ndinu."

Terkimbi anawerama n'kutola, anyamata ake akuyang'ana kumbali.

Khoma linagwa Lachitatu masana, Iorwuese akadali m'chitokosi. Lachinayi bwanamkubwa ndi nduna anadutsa atakwera galimoto imodzi, mawindo ali otseka.