Envulopu Yomwe a Binwell Ankaopa Kutsegula

Mu Novembala 1999, kompyuta ya pa loji ina ku Senga Bay inayamba misala. Inkatumiza yokha makalata kwa alendo, ndipo mayina a anthu omwe anasungitsa malo a Khirisimasi ankasowa limodzilimodzi. A Binwell, kalaliki wa pa lojiyo, anadziwa kuti mayinawo akatha, ntchito yawo yatheranso pomwepo.

"Inetu sindinadine kalikonse," anauza akazi awo, a Agape. "Ndinangotsegula tsamba la pa intaneti lomwe mlendo wina anandiuza, n'kuwerenga basi."

"Kudandaula sikukonza makina," anatero a Agape. "Tiyeni kwa a Mapopa."

A Mapopa anali aphunzitsi a sayansi oyandikana nawo nyumba. Bambo amenewa ine ndimawagomera: sankaseka munthu wosadziwa, ndipo nkhani yovuta ankaiphwanya mpaka aliyense amve. Atafika pa loji, choyamba anazula waya wa foni ku kompyuta, kuti isalumikizanenso ndi intaneti.

"Ku Lifuwu, ndime ya mpunga imakhala ndi kakhoma kadothi kotchinga madzi," anafotokoza. "Pulogalamu yotsegulira masamba a intaneti nayonso ili ndi khoma, kuti za pa tsamba zisafike komwe mumasunga zinthu zanu. Khomalo likabooka, akuba amadzera pomwepo. Safuna kuti mudine. Kutsegula kokha kwawakwanira."

"Nanga bowolo amatseka bwanji?" anafunsa a Binwell.

"Okonza pulogalamu amatumiza chigamba. Omwe anakugulitsani makinawa sanatumize kanthu?"

A Binwell anakanda kumutu, n'kutulutsa envulopu m'dilowa. Inabwera mu Ogasiti, koma m'dzina la abwana, omwe anali kunja kwa dziko. Kutsegula kalata ya wamkulu? Iwo sanaleredwe choncho. Anaisunga miyezi itatu, akumaipukuta fumbi.

A Mapopa sanawanyoze. "Ulemu wanu ngwabwino, achimwene. Koma kupempha chilolezo ndi ulemunso. Aimbireni."

Abwana anavomera msangamsanga. Mu envulopumo munalidi disiki ya chigamba. A Mapopa anachotsa vayirasi, pulogalamu yoipa yomwe inkasokoneza kompyutayo, kenako anadzuka pampando. "Chigambachi muike nokha, kuti mawa musandisowe."

A Binwell anachiika okha. Mayina osowa anawalembanso kuchokera m'makalata akale a alendo. Khirisimasi itafika, palibe mlendo yemwe anasowa chipinda, ndipo a Binwell anakhalabe pa ntchito.

Chigamba cha pulogalamu chikabwera, chiikeni tsiku lomwelo. Tsamba losalidziwa musalitsegule mwachisawawa. Ndipo ngati chilolezo chili ndi wamkulu, funsani, musangokhala chete.