Waya wa kwa Apongozi

Amuna anga a Yoramu adabwerako ku Joni ndi chifuwa chosatha ndi wayilesi ya batire. Chifuwacho anthu a kuno ku Biriwiri sadachilabadire, koma wayilesiyo idatipezera abale amene sitinkawadziwa n'komwe. Dzuwa likangopendeka, pabalaza pathu pankadzaza mpaka ine mwininyumba kusowa poponda.

Amene sankabwera adali amayi anga, a Nangozo, chonsecho ndiwo ankaifunitsitsa. Mlongo wanga Fanizo adatchona ku migodi ya ku Kitwe, ndipo amayi atamva kuti wayilesi ya ku Lusaka imawerenga moni wa anthu a kumigodi, mtima wawo sudakhalenso m'malo. Koma akadalowa bwanji m'nyumba ya mkamwini? Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi salankhulana, sayang'anana, akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Zaka khumi ndi chimodzi anthu awiriwa adakhala pabwalo limodzi akudziwana misana yokhayokha. Akafuna kuuzana kanthu mthenga ndinali ine, ngakhale onse akumvana bwinobwino.

"Uwauze amayi," adatero a Yoramu tsiku lina, amayiwo akutong'ola chimanga chapomwepo, "kuti mawu ndiwapititsira pakhonde pawo."

M'sutikesi mwawo mudali kasipika kozungulira ngati mbale ndi mpukutu wa waya wofiira, wolumikizalumikiza. Ku mgodi a Yoramu adali m'gulu lophulitsa miyala, ndipo zidutswa za waya zotsala akaphulitsa ankazitola n'kumazisunga. Nditawafunsa ngati wayayo suluma, adandiseka kuti ndine wakumudzi, ngati iwo adabadwira m'tauni.

Poyamba adauyendetsa m'mwamba, pamitengo inayi. Sipadathe masiku awiri mng'ono wanga Lufina adayanikapo bulangete lonyowa, waya phwi. Ndiye adakumba kangalande kuchokera pazenera lathu kukafika pakhonde la amayi, mapazi makumi anayi, nalowetsa wayayo m'nsungwi zoboola kuopa chiswe, n'kukwirira. Gawo lomaliza ndidakumba ndine, iwo akundilangiza ali patali, poti pakhonde la apongozi sakadafika. Kasipikako tidakaika mumphika wadothi kuti mawu azimveka kwambiri, ndipo tidasiya waya wautali kuti mvula ikabwera amayi azilowetsa mphikawo m'nyumba. Kuyambira pamenepo madzulo aliwonse ankakhala pamphasa, khutu kumphika, n'kumadikira dzina la mwana wawo.

Zidayenda bwino mpaka Malichi wa 1959, nthawi ija boma linkagwira anthu ndipo malole a asilikali ankayenda m'midzi kufunafuna zida. Mvula idagwa masiku atatu osalekeza, n'kukokolola dothi la pabwalo. Nsungwi zidatulukira poyera, ina itang'ambika, waya wofiira uli mbee. A Yoramu adati akwirira kukacha. Kutacha m'malo mwa khasu kudabwera lole.

Ndinali kutsuka mbatatesi pamene ndidamva likubuula pachitunda. Adatsika asilikali asanu ndi mmodzi a ku Halale, osamva chinenero chathu, ndi mzungu wofiira khosi. Adasecha nkhokwe, adasecha m'khola, osapeza kanthu. Akubwerera ku lole, nsapato ya mzunguyo idakodwa. Adawerama, natola wayayo, nauyang'anitsitsa, ndipo nkhope yake idasintha ine ndikuona. Ndidamva pambuyo pake kuti nayenso adagwirapo ntchito kumgodi. Waya uja ankaudziwa ntchito yake.

Adakuwa mawu amodzi, mfuti zonse zidadzuka. Ine adandikankhira kumtengo wa pichesi pamodzi ndi Lufina, msilikali mmodzi n'kuima patsogolo pathu. A Yoramu adawagwaditsa m'matope, manja pamutu.

Mzunguyo ankalankhula chilapalapa, chinenero cha kumigodi chija, choncho iye ndi a Yoramu ankamvana. Ine ndinkangotolako apa ndi apo. A Yoramu adati ndi waya wa wayilesi. Asilikali awiri adalowa kwathu, naipezadi wayilesiyo, waya utalumikizidwa kumbuyo. Koma zimenezo sizidamukhutitse bwanayo. Batire lalikulu kuno, waya wophulitsira wokwiriridwa pansi, nanga kumapeto kwake kuli chiyani? Adautsata pang'onopang'ono, akukweza mapazi ngati wopewa minga, mpaka pakhonde la amayi. Pakhondepo padalibe mphika. Amayi atamva lole adaulowetsa m'nyumba, n'kudzitsekera. Wayayo unkangolowa kunsi kwa chitseko.

Mzunguyo adabwerera msanga chammbuyo. Adawadzutsa a Yoramu ndi kolala, nawalozera chitsekocho. Apa sindidafunenso womasulira. Ankati lowa, katulutse chimene chili m'menemo.

A Yoramu adayenda mapazi angapo. Atafika pamene dothi la khonde limayambira, adaima nji.

Ndikunena zoona, mumtima ndidawatukwana. Munthu amene ankatsika pansi pa nthaka tsiku ndi tsiku, n'kumagwira zophulika ndi manja, lero miyendo ikumukanika pakhonde la nkhalamba yosowa mano. Koma ndinkadziwa kuti si kuuma mutu. Chiyambire sadapondepo pamenepo, ndipo thupi lawo silinkadziwa kutero. Adatembenuka kuti afotokoze, koma chilapalapa chimene iwo ankadziwa chidali cha nyamula, tula, fulumira. Mawu onena ulemu wa apongozi adalibe. Adangoti sangalowe.

Kwa mzunguyo nkhani idathera pomwepo. Munthu wokana kulowa m'nyumba momwe wapititsamo yekha waya ndiye kuti akudziwa chimene chimuphe akalowa. Adasolola mfuti yake yaifupi, naiika kuseri kwa khutu la amuna anga, n'kuyamba kuwerenga.

"Lowani, bambo a Dailes," ndidakuwa, kuwaitana amuna anga ndi dzina la mwana wathu. "Lowani, mwambo tikonza pambuyo."

Sadasunthe. Ndidatembenukira kuchitseko.

"Amayi, tulukani nawo mphikawo. Akuwapha."

"Nditulukire pati, iwe Selestina," adayankha m'katimo, "akamwini aima pakhomo penipeni. Uwauze asendere kaye."

"Asendera bwanji ali ndi mfuti kukhutu?"

Ndidayesa kuthamangirako, koma msilikali uja adandipingasa ndi mfuti pachifuwa, ndidagwa chagada pamizu ya pichesi. Ndili pansipo ndidamva chitsulo cha mfuti ya mzunguyo chikulira kuti khetye. Mantha amene ndidamva pamenepo sindidawamvenso pena paliponse, ngakhale pobereka. Ndidaona ndithu kuti ndatsala wamasiye chifukwa cha ulemu.

Kenaka chitseko chidatseguka.

Amayi adatuluka chowerama, nsalu itaphimba mutu, atakumbatira mphika wovundikira ndi chiguduli, waya wofiira ukulendewera pansi pake. Asilikali awiri adadzigwetsa chafufumimba. Enawo adatembenuzira mfuti zawo kwa amayi, zala zili pokhethemulira, akukuwa m'chinenero chawo. Amayi sankawamva, komanso sankawaona chifukwa cha nsalu ija. Ankangobwera, akupapasa pansi ndi phazi.

Apa m'pamene a Yoramu adaponda khonde lija. Adangochoka pamfuti ya mzunguyo ngati kulibe, nakwera, naima pakati pa amayi ndi asilikali, msana kumfuti. Adagwira mphikawo, manja awo pamwamba pa manja a amayi, nachotsa chigudulicho pang'onopang'ono. Adaupendekera kuti onse aone m'kati.

Mzunguyo adasuzumira ali patali, kenaka adayandikira. Adatulutsa kasipikako, nakatembenuza uku ndi uku, nakanunkhiza. Adatuma msilikali kukatsegula wayilesi, ndipo poti idali isanakwane nthawi ya ku Lusaka, m'kasipikamo mudangotuluka phokoso longa mvula padenga la malata. Msilikali wina amene adagona m'matope adadzuka akuseka chamanyazi. Mzunguyo sadaseke. Adabwezera mfuti m'thumba lake, nalamula kuti waya wonse uzulidwe. Adaukoka kuyambira pakhonde mpaka pazenera lathu, nsungwi zikuthyokathyoka, n'kuuponya m'lole. Kasipikako adakaponyanso mumphika, napita.

Lole litazimirira kuseri kwa chitunda, ndidaona kuti awiri aja adakali chiimire pakhonde, onse atagwira mphika umodzi. Nsalu ya amayi idali itagwera m'mapewa. Palibe ankadziwa woyamba kusiya. A Yoramu maso adali pansi, akupuma movutikira ndi chifuwa chawo chija. Amayi ndiwo ankawayang'ana kumaso kwenikweni, mosaphethira, ngati munthu amene wabwera kumene m'mudzi.

Ndidadzuka kuti ndikawamasule, ndikawanenere mawu monga mwa masiku onse. A Yoramu atandiona adayamba kale: "Uwauze amayi kuti andikhululu..."

Amayi adandikwezera dzanja kuti ndiime pomwepo.

"Ndamva ndekha," adatero. Adalanda mphikawo, nauika pansi, nakoka mphasa yawo ija yomvererapo wayilesi. "Khalani pansi, bambo. Miyendo yanu ikunjenjemera."

A Yoramu adakhala. Amayi adakhala pambali pawo, naika dzanja kuseri kwa khutu la mkamwini wawo pamene padali mfuti, ndipo m'pamene amayiwo adayamba kulira.